Njere ya M'dilowa ya Azakhali

"Iwe wamaliza sukulu, tandiuza, chinthu ichi n'chiyani?"

Anandifunsa ndi azakhali anga, atelala. Asoka zovala zaka makumi anayi m'kachipinda kamodzimodzi, kuseri kwa sitolo ya nsapato. Sanakwatiwepo. Amayi awo anamwalira mwadzidzidzi iwo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo bambo awo, agogo anga, amene ankagwira ntchito m'sitima zapamadzi, anakwatiranso mkazi wina. Ameneyo ndiye anabereka bambo anga.

Chinthucho ndinkachidziwa kuyambira ndili mwana: njere yaikulu ngati nkhonya, yoderako, yosalala chifukwa cha manja. Azakhali amailowetsa m'sokosi yobooka kuti chidendene chikungike, kenako n'kumasoka. Ndi chokhacho chimene anatenga pa katundu wa agogo.

Tsikulo anatulutsanso mapepala awiri ofiirira. Agogo ankakonda kulemba zonse za m'nyumba. Pepala loyamba analilemba atangotsika sitima: mipando inayi, ketulo, wotchi, "mtedza wa kutsidya kwa nyanja, njere ziwiri." Lachiwiri analilemba patapita miyezi itatu chichitikire maliro a amayi a azakhali. Mipando inali inayi ndithu. Njere inali imodzi.

Ine chimalizire mayeso ndimangoyendayenda, palibe wondifunsa kanthu. Ndinati apa ndiye anthu andidziwa, mwina mpaka m'nyuzipepala.

Njere ija ndinapita nayo kulaibulale. Abambo oyang'anira mabuku anaitembenuza kawiri, n'kuiika patebulo msangamsanga.

"Kunyumba kuli ana aang'ono?"

Anandivundukulira buku la mitengo ya kumaiko akutali. Chithunzi chinali chomwecho. Pansi pake analemba kuti zam'kati mwake zimaimitsa mtima, ndipo kuwawa kwake kumabisika ndi shuga.

Nditabwerera ndinapeza azakhali akupalasa makina, mapini ali kukamwa.

"Mwapeza, aprofesa?"

"Ndikadafufuza, azakhali."

Anachotsa mapini aja imodziimodzi, osandiyang'ana.

"Bambo chibadwire sankayandikira kukhitchini. Koma m'mawa wa tsiku limene amayi anamwalira, tiyi anaphika okha. Ine nditati ndilaweko m'kapu ya amayi, anandimenya padzanja." Anadula ulusi ndi mano. "Fufuza, usathamange. Koma usadzandinamize."

Makina anayambanso kulira. Njere ija ndinaibweza m'dilowa, pambali pa lumo, ndipo ndinasamba m'manja kawiri.

Nkhani ya kunyuzipepala ndinali nditaiyamba kale, mutu wake ndi dzina langa pansi. Ndaing'amba. Munthu wagwira njere imeneyi zaka zonsezi sangamve za amayi ake pamodzi ndi anthu odikira basi.

Mawa ndilawira kukachipinda kuja makasitomala asanafike, nditseka chitseko, ndiwauza zimene zili m'buku lija, osawonjezera, osachotsera. M'thumba ndatengeratu babu lakufa lamagetsi, loti azilowetsa m'masokosi.