Mafuta a mbuzi pa piyano

Dzulo ndinadutsa pomwe amawotcha mbuzi, fungo lake n'kundikumbutsa tsiku lina ku Palabana ndili mwana.

Aphunzitsi athu a nyimbo ankalizanso jazi m'mahotela ku Lusaka. Piyano yawo sitinkaikhudza osasamba m'manja. Tsiku lina la msonkhano wa ndale, anyamata a chipani anaitulutsa panja n'kusanjikapo mbale za nyama ya mbuzi. Atakhuta, tcheyamani anaigogodagogoda ndi zala zake zamafuta, uku akugeya.

"Iwe kamtsikana, bwela utilizile nyimbo ya chipani!"

Ndinayang'ana aphunzitsi. Iwo anazolika.

"Liza chabe, mwana wanga," ananong'ona. "Nifuna nikagone kunyumba lelo."

Ndinakhala pampando. Nditangotsitsa chala, chinaterereka pa mafuta a mbuzi aja, ntchentche n'kuuluka.