Sitima Yonyamula Mchenga

Kuyambira chaka changa chachiwiri ku yunivesite ndinkakhala ku Selly Oak, ndipo masiku atatu pa sabata ndinkakwera basi kupita kudepoti ina kunja kwa Birmingham kukakolopa sitima. Inali imodzi yokha, ya dizilo, ya mabogi awiri. Ankati ndi yoyesera: ikachita bwino apanga zina zambiri. Thupi lake linali la sitima yakale yomwe inapuma ntchito kalekale. Anangoimangirira injini yatsopano kunsi, n'kuipaka utoto wobiriwira, basi akuti tsogolo lafika.

Tinkakolopa awiri, ine ndi amayi ena achikulire a ku Chipata, amene m'mawa ankayamba asambitsa nkhalamba ku Solihull. Chimene tinkasesa chinali mchenga. Sitimayo sinkanyamula anthu. Mainjiniya ankakhazika matumba a mchenga pamipando kuti aone ngati ingakwere chitunda italemedwa, ndipo matumbawo ankadontha.

"Mwana wanga," anatero amayiwo tsiku lina, atagwada ndi burashi, "kwathu sitima imanyamula anthu, njinga ndi mbuzi zomwe. Kuno mchenga ndi umene uli ndi mpando wapawindo."

Manijala wake anali bambo wamtali wokonda kusisita sitimayo ngati ng'ombe yake. Ankatiletsa kukhala pamipando, akuti nsalu ingathe. Tikafunsa kuti iyamba liti kuyenda, ankayankha kuti dzinja likangotha. Madzinja awiri anatha ndikuona.

Kenako linafika tsiku loonetsa sitimayo kwa akuluakulu ndi atolankhani. Kunagwa mvula, alendo anabwera ochepa, mipando inangoti mbee. Manijala uja anatipeza tikutsuka ndowa.

"Vulani mavesiti antchito anuwo mukakhale mkati," anatero m'Chingerezi. "Mumwetulire, muoneke ngati mukupita kuntchito."

"Nanga pano tili kuukwati?" amayi aja anandinong'oneza.

Wojambula zithunzi anandisamutsa katatu. Kulikonse kumene kamera yaloza ankafuna nkhope yanga yakudayi ikhalepo. Ndinamwetulira mpaka masaya kuwawa.

Injini inalira, anthu anaomba m'manja, tinanyamuka. Tinadutsa shedi, tinadutsa mulu wa zitsulo, ndipo tisanafike n'komwe pageti kunamveka fungo la labala wopsa. Utsi unatuluka kunsi, magetsi anazima, sitima inaima. Zitseko zinali zamagetsi, choncho nazonso zinakana.

Manijala anaimirira pakati n'kunena kuti zoterezi n'zimene amayeserera sitima, ndipo iye ngwokondwa kuti aphunzirapo kanthu. Thukuta linali kamukamu. Titakhala pafupifupi ola, mayi wina mwa akuluakuluwo, wovala nsapato za gogoda, anapita mwaulemu kuchimbudzi. Ine ndinkadziwa zimene akapezeko, koma manijala anali atandiuza kuti ndine pasinjala, ndiye ndinakhala chete. Anatsegula chitseko n'kupeza mopu wathu, ndowa ziwiri ndi jekete la amayi a ku Chipata aja. Chimbudzicho anali asanachiike, anangomata chikwangwani.

Anatitsitsa pamakwerero, tinabwerera wapansi m'mbali mwa njanji, mvula ikutikwapula. Alendo anapita kukamwa tiyi. Ife anatibwezera mavesiti kuti tikapukute matope awo.

Patapita milungu ingapo kabuku ka kampaniyo kanatuluka. Pachikuto panali ine, mano onse pamtunda, ndipo pansi analemba kuti apaulendo akuikonda. Ndinatumiza chithunzicho kwa mlongo wanga ku Balaka, amene anauza mpingo wonse kuti ndayamba ntchito ya uinjiniya.

Sitimayo anaikankhira kunjanji yakumapeto, pafupi ndi mpanda. Palibe anakumbuka kutiuza kuti tisiye, choncho tinapitiriza kuikolopa miyezi ina isanu, tikuchotsa zitosi za nkhunda zolowera pawindo losweka. Masana tinkadyera momwemo, miyendo tayala pamipando yoletsedwa ija. Manijala anasamukira kukampani ina, akuti anamukweza.

Ndinamva kuti pambuyo pake inatengedwa ndi gulu la madala opuma ntchito okonda sitima zakale. Mwezi wathawu mnzanga wa kuofesi, Mngerezi, anandiuza mosangalala kuti anakaiona ndi ana ake, ndipo ndi chuma cha mbiri ya dziko lino. Ndinamufunsa ngati ikuyenda. Anati ayi, koma akuyembekezera chitsulo china kuchokera kunja. Anandiitana kuti tidzapite limodzi Loweruka. Ndinamuuza kuti Loweruka ndimachapa.