Mapazi Onyowa a Mayi Zastrow

A Marlys Zastrow anagwira ntchito pafakitale ya mapepala mpaka makutu anagontha, ndipo anthu a m'tauni yawo kumpoto kwa Wisconsin amati kugonthako kumawakomera, chifukwa amamva zokhazo zimene akufuna. Ndi mayi wamfupi, wouma mutu, woyenda ngati wachedwa kwinakwake. Chuma chawo chonse ndi galimoto yakale ndi galu wakuda, Dozer, amene malemu amuna awo, a Orville, anawasiyira.

Kuseri kwa nkhalango ya paini kuli kanyanja ka bata, kosamveka injini ya boti. Chakukona kwake kuli mwala waukulu wotulukira m'madzi. Pamenepo ndi pomwe a Marlys anaphunzirira kusambira ali mtsikana, ndi pomwenso anamwaza phulusa la mtembo wa a Orville. Lamulungu lililonse ankakhala pamwalapo ndi khofi wa m'fulasiki, kumuponyera Dozer kamtengo, n'kumawasimbira amuna awo miseche ya sabata yonse.

Kenako malo a m'mbali mwa nyanjayo anagulidwa ndi Brent Halloway, bambo wa ku Chicago wa mano oyera ngati mbale zatsopano. Kanjira kopita kumwala anakatseka ndi mpanda, n'kukhomapo chikwangwani.

"Pepani mayi, ano ndi malo anga tsopano," anatero Brent akumwetulira. "Komanso galu wanuyu akundiwonongera kapinga."

"Mwagula dothi, bambo. Madziwa ndiye munagula kwa ndani?"

Kumeneko ngakhale mwana amadziwa kuti nyanja ndi ya aliyense, bola mapazi akhale onyowa m'madzi, osaponda pamtunda pa mwini. Lamulungu lotsatira a Marlys anaimika galimoto padoko la anthu onse, anapinda thalauza, n'kulowa. Anayenda cham'mphepete, madzi olekeza m'maondo, Dozer akusambira pambali, mpaka kudutsa kumaso kwenikweni kwa khonde la Brent. Mwini nyumba anatsika foni ili m'manja.

"Ndiitana apolisi, mayi."

"Aitaneni. Muwauze abwere atavala majombo."

Wapolisi anabweradi. Anayang'ana mapazi a mayiwo, anayang'ananso a galu, anakanda m'mutu n'kubwerera.

Nyengo yotentha yonse zinayenda choncho. Brent anasiya kukalipa n'kuyamba kudikira, podziwa kuti kuzizira kudzamugwirira ntchito kwaulere. Ndipo sanalakwe. Masamba atayoyoka, madzi anayamba kucheka miyendo. A Marlys analimba nazo, koma Dozer anali nkhalamba, chiuno chake chinatha kale. Tsiku lina atafika pamwala galuyo analephera kukwera. Anangoima m'madzi akunjenjemera, maso ali pa mbuye wake. Mayiwo anamukokera pamwamba, anamufunditsa jekete lawo, ndipo analira misozi ya ukali. Kumusiya kunyumba sakanatha, popeza a Orville sanapitepo kunyanja opanda galu wawo. Koma kumulowetsanso m'madzi amenewo kunali kumupha.

Pobwerera anachita kumugwira m'mimba kuti asamire. Brent anali pakhonde, kapu m'manja.

"Ndiye basi, tionana chaka chamawa, eti mayi?"

Kugontha kuja kunagwira ntchito yake.

Masabata anapita mwala uli wokhawokha, ndipo zinawawawa a Marlys mpaka chakudya kusalowa. Lamulungu ankangoima padoko, kuuyang'ana mwalawo patali. Madzi atayamba kuundana m'mphepete ankabwera ndi chitsulo, kugogoda madzi oundanawo kuti aone ngati alimba moti n'kuyendapo, kupukusa mutu, n'kubwerera.

M'mawa wina wa Disembala, Brent atabwera ndi alendo ake kudzadyera Khirisimasi, anasuzumira pawindo. Nyanja yonse inali gwa, itaundana. Pamwamba pake a Marlys ankayenda pang'onopang'ono akukoka chileyi cha ana, Dozer atakhalamo ngati bwana, atafunda bulangete. Brent anatuluka ndi masilipasi, alendo akuonerera.

"Mayi, lamulo lanu lija limati mapazi akhale onyowa. Anuwo ndikuona ndi ouma."

A Marlys anaima. Anatsegula fulasiki, anathira khofi pang'ono pajombo yakumanja, pang'ono pa yakumanzere, anatseka bwinobwino, n'kupitirira.

Atafika pamwala anasasapo chipale chofewa ndi dzanja, anakhala pansi, Dozer n'kutsamiritsa mutu pamwendo pawo.

"Orville, tabwera," anatero. "Tachedwa, pepani. Koma nkhani ndiye zilipo."