Injini yopsa yandiwoletsera nsomba za anthu

Bambo a galaja ya kuseri kwa msika, pa boma pa Nkhotakota, ndine mayi uja wa pikapu yoyera. Foni yanga mwasiya kuyankha, ndiye tikambirana pompano, anthu akumva.

Kwa amene simukundidziwa, pikapu imeneyi anandisiyira malemu amuna anga. Ndi imene imadyetsa ana. Ndimanyamula mpunga wa ku Bua, ndi nsomba za amayi a ku Chia kupita nazo ku Salima. Injini yake itafa, ndinapita kwa makaniko ameneyu kuti andipezere ina.

Ananditengera kuseri kwa galaja n'kuvundukula chisaka. Pansi pake panali injini yakuda bii, mawaya atasungunuka, ikununkhabe utsi. Akuti inachokera m'minibasi ina yomwe inapsa pamsewu. Ndinabwerera m'mbuyo.

"Bambo, chopsa chonchi chingalirenso?"

Anandiseka. "Mayi, chitsulo sichipsa. Motowo unangonyambita kunja, m'katimu ndi mwatsopano. Ndikaimanga, mukafika nayo ku Karonga osatsegula boneti."

Injini zabwino za ku Lilongwe mtengo wake sindikanaufika. Iyi anati K1,200,000, pamodzi ndi ntchito, ndipo itha m'sabata ziwiri. Ndinagulitsa mpunga womwe ndinasungira fizi ya ana, n'kupereka.

Sabata ziwirizo zinabala ana. Ndikapita, akuti gasiketi. Ndagula. Ndikapitanso, akuti maringi ndi mapaipi a madzi. Ndagula. Kenaka pampu ya oyilo. Nditafunsa kuti nanga si paja munati m'kati ndi mwatsopano, anayankha kuti injini ili ngati munthu wodwala, matenda ena amaoneka atamutsegula. Masiku ena sindinkawapeza n'komwe. Lero akuti ali kumaliro, mawa magetsi azima. Nyengo yonse ya mpunga inandidutsa ndikuyenda pa kabaza, anzanga akunyamula matumba a makasitomala anga.

Tsiku lokatenga galimoto ndinapeza injini ikuwala, ataipaka penti wasiliva. Inalira bwino, sindinama. Ndinawathokoza mpaka kuwomba m'manja.

Lachitatu, 6 koloko m'mawa, ndinapakira chambo cha amayi anayi a ku Chia, m'mabeseni, titathira ayezi. Mmodzi wa iwo, a Nabanda, anakwera kutsogolo ndi ine. Tisanafike pa Benga, kamuvi ka kutentha kanalowa pofiira. Utsi woyera kumbuyo. Injini inagogoda kawiri, kenaka zii.

Ndinawaimbira bambo a galaja aja. Akuti thiranimo madzi izizire, si zachilendo ayi kwa injini yongomangidwa kumene. Ndinathira. Madziwo ankangosowa, osadziwika kolowera. Nditaimbanso, foni inali yozima.

Dzuwa linakwera, ayezi n'kuyamba kudontha pansi pa galimoto. Maminibasi ankadutsa atadzaza, palibe wofuna mabeseni a nsomba. Tinagulitsako pang'ono kwa anthu odutsa pamtengo wotaya. Pofika masana ntchentche zinali zitatipeza. A Nabanda sanandikalipire. Anangokhala pansi m'mbali mwa msewu, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Achemwali, nsombazi n'zangongole, asodzi anangondikhulupirira. Ndikawauza chiyani?" Bola akanandituka. Zotsalazo tinazikwirira patchire.

Galimoto inachita kukokedwa kupita kwa makaniko wina wa pa Benga. Atatsegula, oyilo anatuluka ngati tiyi wamkaka. Anapala penti uja ndi mpeni n'kundiitana kuti ndione ndekha. Buloko, thupi lenileni la injini, linali ndi mng'alu wautali ngati chala changa, atamatapo guluu. Hedi, chitsulo chovundikira pamwamba pa buloko, nayo inali itapindika. Anandifotokozera kuti anthu pozimitsa moto amathira madzi pachitsulo chotentha, ndipo chimang'aluka. Anati aliyense amene anatsegula injiniyi mng'aluwo anauona.

Ndiye bambo, munauona. Guluuyo anadzimata yekha? Penti uja munapakira kukongoletsa, kapena kundiphimba m'maso?

Dzana ndinabwera kugalaja kwanu. Ndinakupezani mukusewera bawo pansi pa mtengo wa mango, ndipo simunadzuke n'komwe. Munati ndinagula ndikudziwa kuti ndi yopsa. Munati mwina dalaivala wanga amathamangitsa. Dalaivala uti? Galimotoyi ndimayendetsa ndekha, ndipo inu mukudziwa. Pomaliza munati ndiwonjezere kangachepe, pali injini ina yabwino ikubwera, ya galimoto yomwe inagwera mumtsinje. Anzanu a pabawo aja anaseka. Mwandiona ngati ndani? Kapena mwaona kuti ndine wamasiye, ndiye palibe wondiyankhulira?

Inu nonse amene mukuwerenga, munthu akakuonetsani injini yopsa, musamvere kulira kwake. Uzani makaniko wanu, osati wogulitsayo, aichotse hedi, ayeze buloko, inu muli pomwepo. Wogulitsayo akakana, nyamukani. Ine ndalama zomwe ndathira m'chitsulo chimenechi zikanandifikitsa pafupi ndi injini yabwino ija ndinkaithawa.

Ndipo inu bambo, ndikufuna ndalama zanga, ndi za nsomba za anthu. Loweruka m'mawa ndikubweretserani injini yanu pangolo. Sindibwera ndekha. Amayi anayi a ku Chia aja akuti akufuna amve pakamwa panu kuti chitsulo sichipsa, ndipo asodzi awo akubwera nawo.