Sofa Imene Inameza Atsibweni

Ndinachoka ku koleji ya aphunzitsi ndisanamalize, pa zifukwa zimene ine ndi akuluakulu a kolejiyo tinagwirizana kuti tisamakumbutsane. Inali nthawi ya Chitaganya. Lilongwe yense anali uyu amene lero mumamutcha Old Town. Kumene kuli Area 43 ndi Area 47 kunali tchire ndi minda, ndipo olemera a kumeneko anali agwape.

Ntchito ndinaipeza m'sitolo ya mipando ya Mmwenye wina wachikulire, Msilamu wa ndevu zoyera, amene ankanditchula kuti Aphunzitsi pofuna kuti ndisaiwale kumene ndinagwera. Sitinkagulitsa mipando wamba ayi. Anali masofa ofewa ochokera ku Salisbury, matebulo a mlombwa, makabati a mbawa oti munthu n'kupesera tsitsi akudziyang'anira pachitseko. Ogula anali azungu a ku boma ndi a m'maesiteti a fodya. Munthu wakuda ankaonera pagalasi ali pakhonde, pamodzi ndi matelala.

Ubwino wa ntchitoyo ndiunena mosabisa. Ndinkavala shati yoyera, ndinkakhala pamthunzi, ndipo fungo la polishi linkanditsatira mpaka kumsika, moti amayi ogulitsa nyemba ankati ndikununkhira ngati nyumba ya DC. Pokapereka katundu ndinkakwera lole kutsogolo, chigongono pawindo. Kuipa kwake kunali kumodzi, koma kotalika kuyambira m'mawa mpaka madzulo: wantchito sakhala pa katundu. Ndinkauza azungu m'Chingerezi cha ku koleji mmene sofa imakomera kumsana, ine msana wanga usanaidziwe. Madzulo ndinkapita ndi mapazi otupa kukagona pamphasa.

Nthawi imeneyo ndinali nditafunsira mtsikana wa kumudzi wina wa ku Nathenje. Iye anali atalola. Osalola anali atsibweni ake, mwini mbumba, mlimi wa fodya wa chikopa, amene anamva kuti mkamwini wawoyo anathawa sukulu. Ankhoswe anga anayesa kundikometsa ponena kuti ndimagwira ntchito ya mipando ya mabwana. Atsibweniwo anangoti, "Tikaona tokha."

Anafikadi tsiku lina masana, Bwana, Mmwenye uja, ali kuseri akupemphera. Anatsamiritsa njinga pakhonde, n'kuvula chipewa, n'kulowa pakhomo limene alimi sankalowapo. Kenako anaima pakati pa sitolo.

Inu mukudziwa mwambo wathu. Mlendo sapatsidwa moni ali chiimire. Umayamba wamupatsa pokhala, iwe n'kunjuta chapatali, ndiye moni n'kubwera. Tsono onani: mkulu wa mbumba waima pakati pa mipando yodzaza nyumba, ndipo amene akufuna mwana wake wangoti kakasi ndi nsanza ya polishi m'manja. Ndikawasiya chiimire, ukwati watha. Ndikawakhazika, shati yoyera yapita. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna kabokosi kapena kampando ka ndalema. M'sitolo ya mipando munalibe mpando.

Ndinaganiza kuti ngati n'kufa, bola ndifere ng'ombe osati nkhuku. Ndinawalozera sofa yaikulu yobiriwira, imene ankaifuna mkazi wa mzungu wina wa ku esiteti.

"Khalani apa, atate."

Anakhala monga akhalira munthu wozolowera chitsa, ndi thupi lonse nthawi imodzi. Sofa inawalandira. Mawondo anakwera kufika pachifuwa, mapazi anasiya pansi, chipewa chinagubuduka. Koma nkhope sinasinthe. Ine ndinanjuta pansi n'kuomba m'manja.

"Muli bwanji, atate?"

"Ndili bwino," anayankha mawu ochokera pakati pa mawondo, "kaya inu?"

Tinafunsana za kumudzi, za mvula, za fodya ngati wauma bwino m'chigafa. Sitinadumphe funso ndi limodzi lomwe. Tili pa nkhani ya mbuzi, Bwana anatulukira, tasibihi, mikanda yake yopempherera, idakali m'manja.

"Aphunzitsi! Ndani uyu?"

"Bwana," ndinatero ndili chinjutire, "awa ndi atsibweni a mkazi amene ndikufuna kukwatira."

"Agula?"

"Iyayi, Bwana. Wogulidwa ndine. Abwera kudzaona katundu."

Bwana anandiyang'ana, n'kuyang'ana sofa, n'kuyang'ananso kumsewu ngati kukubwera galimoto ya mzungu. Atsibweni anaona kuti ulemu ukufunika kuti adzuke apereke moni kwa mwini nyumba. Anayesa. Sofa inakana. Anayesanso, akugwedeza miyendo ngati kamba wogadama.

"Iwe mnyamata," anatero motsitsa, "chinthuchi chili ndi potulukira?"

Ndinagwira dzanja limodzi. Silinakwane. Bwana anaika tasibihi m'thumba n'kugwira linalo, ndipo tinawazula ngati chinangwa. Apo Bwana anayamba kuseka, kuseka kwa munthu amene wakhala akukusunga kuyambira ku Bombay. Atapuma anati naye ali ndi apongozi ku Limbe, ndipo akabwera iye amaiwala ndi dzina lake lomwe. Anaitanitsa tiyi wa mkaka ndi tsabola wawo uja, n'kukoka mpando wolimba wa mlombwa wa patebulo lodyera.

"Madala, khala apa. Uyu saluma."

Anamwa tiyi awiriwo, atakhala. Ine ndinaimirira monga mwa ntchito yanga. Atsibweni anafunsa ngati mnyamatayu ndi waulesi. Bwana anati, "Pakamwa ayi." Anafunsa ngati amaba. Bwana anati, "Angabe bwanji kabati?" Atsibweni anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva umboni wokwanira.

Atapita, Bwana anandipatsa burashi kuti ndichotse fumbi la fodya pa sofa, n'kundiuza kuti ndikadzabwerezanso ndidzapita kukaphunzitsa abuluzi. Koma mpando wa mlombwa uja sanaubwezere patebulo. Unakhala pafupi ndi khomo, ndipo alimi akagulitsa fodya anayamba kumalowa, poyamba kudzakhala chabe, pambuyo pake kudzafunsa mitengo. Chitaganya chisanathe, ndinali nditakweza kale tebulo logulidwa ndi mlimi pangolo ya ng'ombe.

Mawu ochokera ku Nathenje anabwera kudzera mwa ankhoswe: sukulu analephera, koma amadziwa kukhazika munthu pansi, abwere adzamange nyumba. Pa tsiku la ukwati Bwana anatumiza lole ndi mpando womwe uja, ati mphatso ya Aphunzitsi, kuti nawonso akhaleko pansi. Lole itafika, atsibweni anauzindikira msanga mpandowo. Anaulandira ndi manja awiri, n'kuuika pakhonde pawo.

Mkamwini sakangana ndi mwini mbumba pa nkhani ya mpando. Ndinkaupukuta ndikapita kukawaona, chifukwa polishi ndinali naye. Mkazi wanga amati tsiku lina ndidzaukhalira, ndipo ine ndimamukhulupirira. Sanandinamizepo.