Nsanza Yonyowa Kuphanga la ku Dedza

Ine ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani ku Biwi: mitu yometedwa ya m'mababashopu, nkhuku ndi tchipisi za pachiwaya, mayina a magolosale. Chaka china a bungwe lina ananditenga pamodzi ndi ojambula ena awiri kuti tikakhale mwezi wathunthu kumapiri a ku Dedza, kumene kuli zojambula za makolo m'mapanga. Chakudya chawo, pogona pawo, ife kumangojambula papepala zimene maso aona. Ndinakondwa zedi, poti chiyambire palibe amene ananditchulapo waluso.

Amene ankatiperekeza kuphanga anali mayi ena achikulire a m'mudzi wapafupi, osayankhulayankhula. Tsiku loyamba lomwe anatiuza kuti thanthwe la zojambulazo tisalikhudze. Kumva ndinamva ndithu, koma manja angawa anazolowera zina.

Pantchito yathu khoma sulijambula lili ndi fumbi. Umayamba walipukuta, ndiye uone chimene chilipo. Zaka zonsezi ndachita zimenezo osaganiza n'komwe. Ndiye m'mawa wina ndinalawirira ndekha kuphanga, n'kumalimbana ndi kujambula kanyama koyera ka pathanthwepo, kotambasula miyendo, kamene mchira wake sunkaoneka bwino. Ndinathira madzi a m'botolo pansanza yanga n'kupukuta kamodzi kokha, mofatsa.

Mchira uja unachoka. Unatsalira pansanza, dothi loyera basi, ngati ufa.

Ndinakhala pansi. Ndinaganiza zotenga penti yoyera n'kubwezeretsa, poti kwa ine kamchira kotero n'kosachedwa, ndipo palibe akanadziwa. Burashi ndinaitulutsa ndithu m'chikwama. Koma manyazi anandigwira, ndinangoibweza n'kudikira mayi aja.

Atafika ndinawaonetsa nsanzayo. "Amayi, ndalakwa. Ndiloleni ndikonze."

Anayang'ana thanthwelo nthawi yaitali. Sanakalipe ayi, bola akanakalipa.

"Mukonza bwanji, bambo?" anatero. "Amene anajambula apa ankalangira atsikana pachinamwali. Agogo anga ankadziwa tanthauzo la kanyamaka, amayi anga ankadziwako pang'ono. Ine chimene ndimadziwa n'chakuti kanali ndi mchira."

Anapempha nsanzayo, anaipinda bwinobwino n'kuimanga kunsonga ya chitenje. Tinatsika phiri, iwo patsogolo, ine pambuyo. Masiku onse otsalawo ankabwerabe kudzatiperekeza, ankandipatsanso moni monga kale. Koma tikafika pamalo paja, iwo ankayang'ana kumbali.