Chipewa Chobiriwira cha a Bonaventure

A Greenwell Mtambalika anaphunzitsa masamu kwa zaka khumi ndi zinayi pa sekondale ina ku Ntcheu. Anabwera ku London mu 2003 kutsatira akazi awo a Margaret, amene anali atatsogola kudzagwira ntchito ya unamwino. Mapepala awo auphunzitsi sanawathandize kuno, chifukwa kulikonse kumene ankawaonetsa ankauzidwa kuti ayambe abwerera kusukulu. Mapeto ake analowa ntchito pa nyumba ina yosamalira okalamba ku Lewisham, kusambitsa, kuveka ndi kudyetsa anthu amene thupi linali litawakana. Iwo, a Margaret ndi mwana wawo wamkazi Zikomo ankakhala m'fulati ina ku Thamesmead, ndipo m'mawa uliwonse a Greenwell ankakwera basi ya 180 popita kuntchito, ulendo wa pafupifupi ola lathunthu.

Anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula. Kutchalitchi anthu ankawatchabe aphunzitsi. Kumudzi sanauze aliyense ntchito imene ankagwira.

Mwa okalamba amene ankawasamalira munali a Bonaventure, azaka 81, ochokera ku chilumba cha St Lucia, amene anafika ku England mu 1957 ndi kugwira ntchito panjanji mpaka kupuma. Pamwamba pa wodilopu yawo panali mabokosi asanu ozungulira, lililonse ndi chipewa chake, zipewa zaubweya zija kwathu timazitcha wilisoni. A Greenwell ataziona koyamba anatchula kuti malume awo anabwera ndi chotere kuchokera kumigodi ya ku Joni, ndipo ankachivala ngakhale popita kudimba. Nkhalambayo inaseka mpaka kutsokomola. Chinzake chinayambira pamenepo.

A Bonaventure ankati mtundu wa chipewa susankhidwa mwachisawawa. Chotuwa ankavala pokafuna nyumba kapena ntchito, chifukwa masiku amenewo munthu wakuda ankayenera kuyenda mosakopa maso. Chabulawuni chinali cha Loweruka. Chakuda chinali cha maliro okha. Chabuluu anachigula atakwiya, tsiku limene anamanidwa udindo kuntchito, ndipo sanachikondepo. Chobiriwira, cha liboni yakuda, anachigula mu 1958 popita kudoko kukachingamira akazi awo, kuti awazindikire msanga pakati pa zipewa zotuwa zimene zinali mbwee. Anawaphunzitsa a Greenwell kuzipukuta ndi bulashi yofewa, kuziwongola pa nthunzi ya ketulo, ndi kuzigwira m'mphepete osati pamwamba.

M'bokosi lililonse munali lisiti yake, yofiirira ndi ukalamba. Tsiku lina masana, mu 2006, a Bonaventure anaiyang'ana lisiti ya chobiriwira chija, yolembedwa mapaundi awiri ndi mashereni asanu, n'kufunsa kuti ndalama imeneyo ingakhale zingati masiku ano. Funsolo linawakoma a Greenwell. Munthu woti anaona mtengo wa buledi ukuchoka pa matambala n'kufika pa makwacha makumi angapo sankafunika kumufotokozera kuti ndalama imafooka. Tsiku la ofu yawo anapita kulaibulale, anapeza buku loonetsa mmene mitengo yakwerera chaka ndi chaka, ndipo anawerengera zipewa zonse zisanu papepala, ndi zilembo zawo zija zapabolodi. Chobiriwiracho chinatuluka mapaundi 36. A Bonaventure anati iwo amangokumbukira kuti anachikhetsera thukuta masiku awiri. Pepalalo analipinda n'kuliika m'bokosi.

Mu Novembala chaka chomwecho, a Greenwell anafika kuntchito atanyowa ndi mvula yozizira, mutu uli pamtunda. A Bonaventure anawatuma kuti atsitse bokosi la chobiriwira, ndipo anawaveka okha ndi manja awo. Lamulo la panyumbapo linali lodziwika: mphatso yoposa mapaundi 20 osalandira, yocheperapo kukailembetsa kuofesi. A Greenwell anakana kawiri.

"Ukundikana chifukwa akuti mutu wanga sukuyenda?" anafunsa a Bonaventure. "Lero ukuyenda. Tenga."

Anachilandira, akudziuza kuti Lolemba akauza manijala. Lolemba manijala anali patchuthi. Atabwera, a Greenwell anachita manyazi kuyamba nkhani ya milungu iwiri yapitayo, ndipo anaisiya. Lamulungu ankachivala popita kutchalitchi. A Margaret anawachenjeza kuti kuno si kwathu, kuti chifundo cha wodwala chimachotsetsa anthu ntchito, koma iwo anati kubweza mphatso ya munthu wamkulu n'kumutukwana.

Mu Januwale 2007, Etta, mwana wa a Bonaventure amene ankakhala ku Croydon, anabwera kudzaona bambo ake ndipo anapeza bokosi limodzi mulibe chipewa. Nthawi imeneyi matenda oiwala anali atawakulira a Bonaventure. Atawafunsa, anayang'ana m'bokosimo kwa nthawi yaitali n'kunena kuti wina wawabera. Manijala atayamba kufunsa antchito, a Greenwell sanadikire kuti afike pa iwo. Ananena kuti chipewacho chili kwawo, ndipo mawa lake anabwera nacho m'jumbo. Tsiku lomwelo anaimitsidwa ntchito.

Ku mlandu wa kuntchitoko anaperekezedwa ndi a Killian, mnzawo wa kuntchito wochokera ku Lusaka. Ali pakhomo a Killian anawanong'oneza kuti, "Mudala, kambani chabe vili pa lisiti. Mapaundi yabili. Osakamba vambili."

A Greenwell anachitadi zomwezo. Anafotokoza za mvula, za mmene anakanira, kenaka anati lisiti ikusonyeza kuti chipewacho ndi cha mapaundi awiri ndi mashereni asanu, kutali ndi malire a lamulo. Mawuwo akutuluka, iwo eni anamva kuti si awo. Manijala anatsegula fayilo n'kuika patebulo pepala lopindidwa lija.

"Analemba izi ndani?"

"Ndine."

"Masamuwa ndi olondola?"

A Greenwell analiyang'ana pepalalo mzere ndi mzere, ngati akuchonga ntchito ya mwana wasukulu.

"Ndi olondola," anatero.

Manijala anaonjezera kuti Etta wafufuza pa intaneti ndipo wapeza kuti zipewa zakale zotere anthu akugulitsana pa mapaundi oposa 100. Apolisi sanaitanidwe, ndipo kalata imene inabwera patapita sabata sinatchule za kuba. Inati achotsedwa ntchito chifukwa cholandira mphatso kwa munthu wosatha kudziteteza, akudziwa mtengo wake, ndi kusaiulula.

A Margaret anatha masiku atatu osawalankhula. Tsiku lachinayi, akusita yunifolomu, anati, "Bambo a Zikomo, chipewa sichikundiwawa ine. Chikundiwawa n'chakuti munakanama, inu amene simudziwa n'kunama komwe."

A Greenwell anakhala pakhomo miyezi inayi. Ejensi iliyonse yopezera anthu ntchito imene anapitako inkafuna kalata ya kumene anachoka, ndipo ikaiwerenga sinkaimbanso foni. A Margaret anayamba kutenga mashifiti oonjezera, miyendo n'kumawatupa. Zikomo, amene anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, anawafunsa m'Chingelezi chifukwa chake tsopano akumadzamutenga kusukulu ndi iwo, ndipo anamuyankha m'Chichewa kuti ali patchuthi. Kutchalitchi nkhani inafika itasintha kale. Ena ankati anatenga wotchi yagolide, ena ankati khadi ya kubanki. Palibe anawafunsa. Anayamba kukhala kumbuyo ndi kutuluka nyimbo yomaliza isanathe.

Mu Meyi anapeza ntchito ku Belvedere, pamalo ochapira nsalu za m'mahotela. Kumeneko sankafunsa makalata ambiri. Ankaima tsiku lonse pa makina otentha, kukoka mashiti, ndipo khungu la m'manja linayamba kusenda.

Etta anawaimbira foni mu Seputembala, atapeza nambala kwa a Killian. Bambo ake anali atagonekedwa m'chipatala ndi chibayo, ndipo polongedza katundu wawo anapeza kabuku ka m'thumba. Pa tsiku lina la Novembala munalembedwa kuti chobiriwira apatsa Greenwell, ndipo chamukhala. Etta anati analembera kunyumba ya okalamba ija, koma anamuyankha kuti nkhani sinali yoti anapatsidwa kapena ayi. Zipewa zonse anali atazigulitsa kale kwa munthu wina wa pamsika, pa mtengo wochepa, chifukwa zitatu zinali zitadyedwa ndi njenjete. Anapepesa mozungulira, kenaka anafunsa ngati angabwere kudzawaona bambo ake.

A Greenwell anapita Loweruka masana. A Bonaventure anali ataonda, ndevu zitamera, ndipo sanawazindikire. Anawatenga ngati woyang'anira masitima, n'kuyamba kuwafotokozera chifukwa chake sitima ya ku Dartford yachedwa. A Greenwell anawamvetsera, n'kuwauza kuti palibe mlandu. Chakudya chitabwera anaona Etta akulimbana nawo ndi supuni, ndipo anamusonyeza kuti ayambe wawakhazika tsonga, aziwapatsa pang'onopang'ono kuchokera kumanzere, kumene ankaona bwino. Nkhalambayo inadya theka la mbale.

Anamwalira patapita milungu itatu. Maliro anagwa Lachinayi, ndipo kuntchito anawakaniza a Greenwell kusinthana shifiti ndi mnzawo. A Margaret ndiwo anapita m'malo mwawo.